Gramicidin A ikakana kupanga ngalande mu nembanemba: zizindikiro, zoyambitsa ndi kakonzedwe

M'malabotale ofufuza za ma peptide (tizingwe tatifupi ta ma amino acid) oboola nembanemba muli vuto limodzi lomwe silitha. Gramicidin A ya m'botolo lomwelo, lero ipindika bwino n'kupanga ngalande yodutsa ma ion, mawa ipindika mwina n'kungoti zii. Ambiri amathamangira kukayikira makina, chonsecho nthawi zambiri cholakwika chimakhala pa kakonzedwe ka sampulo. Peptide imeneyi imakumbukira solvent yomwe inasungunulidwamo komaliza, ndipo imalowa mu lipid, mafuta opanga nembanemba, ndi maonekedwe omwe inali nawo mmenemo.

## Maonekedwe awiri oyenera kuwasiyanitsa

Gramicidin A ndi chingwe cha ma amino acid 15, a L ndi a D motsatizana mosinthasintha. Kumutu kwake kuli formyl, kumchira kuli ethanolamine, ndipo ma tryptophan anayi ali pa malo 9, 11, 13 ndi 15. Chingwechi chimapindika m'njira ziwiri zikuluzikulu.

- Ngalande yeniyeni. Zingwe ziwiri, chilichonse chopota pachokha cha kumanja, ma amino acid 6.3 pa kuzungulira kumodzi. Zimakumana mutu ndi mutu pakatikati pa nembanemba, zitagwirana ndi ma hydrogen bond 6. Utali wake ndi pafupifupi 26 Å, bowo lake 4 Å, lokwana madzi kuyenda pamzere umodzi. Ma tryptophan onse amakhala chakunja, pafupi ndi mitu ya ma lipid, ngati zikhomo zoigwira kuti isasunthe.
- Zingwe zolukana. Zingwe ziwiri zopotana ngati luzi. Veatch, Fossel ndi Blout anazifotokoza mu 1974. Zimapezeka mu ethanol, dioxane ndi ma solvent ena otere. Pano ma tryptophan amamwazikana m'litali monse, ena mpaka pakati pa nembanemba pomwe sakhazikika bwino.

Lingaliro la mutu ndi mutu anabwera nalo Dan Urry mu 1971, ngakhale iye ankati chingwecho chimapota cha kumanzere. Arseniev ndi anzake ku Moscow anaonetsa mu 1985, ndi NMR (njira yoonera maonekedwe a molekyu ndi maginito) mu ma micelle, timibulu ta sopo wa SDS, kuti chimapota cha kumanja. Gulu la Tim Cross ku Florida linatsimikiza izi mu nembanemba ya lipid yotchedwa DMPC mu 1993, ndipo maonekedwewo ali mu PDB, nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni, pa nambala 1MAG. Musanayeze china chilichonse, dziwani kaye kuti mwa awiriwa muli ndi ati.

## Chizindikiro 1: CD ikuonetsa chigwa chakuya pa 229 nm

Pa CD (circular dichroism, muyeso wa kuwala woonetsa momwe peptide yapindikira), ngalande yeniyeni imapereka nsonga ziwiri pamwamba pa ziro, pafupi ndi 218 ndi 235 nm, kachigwa pakati pake cha pa 230 nm, ndipo mzere umatsika pansi pa ziro mukadutsa 208 nm kupita kumunsi. Mukaona chigwa chachikulu pansi pa ziro pa 229 nm, mzere n'kukwera pamwamba pa ziro kumunsi kwa 208 nm, ndiye kuti muli ndi zingwe zolukana.

Choyamba: solvent yomwe munasakanizira peptide ndi lipid. Ichi ndiye choyambitsa chachikulu kuposa zonse. Ethanol, kapena chloroform yosakaniza ndi methanol, zimasiya peptide yolukana. Trifluoroethanol, yomwe ambiri amangoti TFE, ndi DMSO zimamasula zingwezo kuti chilichonse chikhale pachokha, ndipo zikalowa mu lipid zimapindika molondola.

Konzaninso motere:

1. Umitsani lipid kaye payokha ndi mpweya wa nitrogen, chloroform yonse ichoke.
2. Sungunulani gramicidin mu TFE ndipo muisiye kwa maola angapo. Ufa wogula nthawi zambiri umakhala wolukana kale, ndiye sumasuka nthawi yomweyo.
3. Thirani TFE ya peptide pa lipid youma ija, zisungunukire limodzi. Yambani ndi peptide imodzi pa ma lipid 40 kapena 50.
4. Umitsani ndi nitrogen, kenako mu vacuum usiku wonse.
5. Thirani buffer yotentha kuposa pomwe lipid imasungunuka. DMPC imasungunuka pa 24 °C, choncho 40 °C ndi yabwino.
6. Chitani sonication (kugwedeza ndi mafunde a phokoso) mpaka madzi ayere.

Pa ntchito ya CD sankhani TFE osati DMSO. DMSO imavuta kuuma, ndipo kadontho kotsala kamameza kuwala konse kumunsi kwa 230 nm, pomwepo pomwe mukufuna kuyang'ana.

Chachiwiri: sampulo sinapatsidwe nthawi. Zingwe zolukana zikakhala mu nembanemba zimasanduka ngalande zokha, koma pang'onopang'ono kwambiri, masiku ambiri pa kutentha kwa m'chipinda. Ngati simukufuna kutaya sampulo, itsekeni bwino, muiike pa 65 mpaka 68 °C usiku wonse, kenako muyezenso. Ma lipid okhala ndi ma double bond amawonongeka ndi oxygen akatenthedwa motere, ndiye chotsani mpweya ndi argon musanatseke.

Chachitatu: peptide yachuluka. Zingwe zikathithikana zimakonda kukhalabe zolukana. Pa imodzi kwa 10 kusanduka kumachedwa kwambiri poyerekeza ndi imodzi kwa 50. Yezani kuchuluka kwenikweni pa 280 nm musanasakanize. Extinction coefficient yake ili pakati pa 20,000 ndi 23,000 potengera solvent. Kudalira sikelo pa ufa wosakwana miligalamu imodzi kumasocheretsa.

Chachinayi: lipid siyogwirizana ndi utali wa ngalande. Michira yaifupi kwambiri kapena yaitali kwambiri imakankhira peptide ku zingwe zolukana. Poyesa njira yatsopano yambani ndi DMPC kapena POPC, musanapite ku lipid yomwe mukufuna.

Mzere wa CD ukagwera pakati pa awiriwa, ndiye kuti sampulo ndi yosakanizika, ndipo ndi maso simungadziwe kuti mbali yaikulu ndi iti. Njira yodalirika ndi size exclusion HPLC (yolekanitsa zinthu potengera kukula kwake) mu tetrahydrofuran, yomwe Bañó ndi anzake ku Valencia anaikhazikitsa. Mukabaya timadontho ta sampulo, zingwe zolukana zimatuluka ziwiriziwiri ndipo zimafika msanga, pomwe za mutu ndi mutu zimalekana n'kutuluka mochedwa chimodzichimodzi. Kukula kwa nsonga ziwirizo kumakuuzani gawo la chilichonse.

## Chizindikiro 2: CD yangodzaza phokoso kumunsi kwa 210 nm

Apa peptide ikhoza kukhala bwinobwino, kuwala ndiye sikukufika.

- Ma vesicle (timipira ta lipid) akuluakulu akumwaza kuwala. Madzi akaoneka ngati mkaka, bwerezani sonication kapena extrusion pa sefa ya 100 nm kapena yocheperapo.
- Chloride yachuluka mu buffer. Gwiritsani phosphate ya 10 mM. Mchere ukafunika, sodium fluoride imalowa m'malo mwa NaCl.
- Cuvette yakula. Tsikani pa 1 mm kapena 0.1 mm.
- Nitrogen yachepa m'makina. Ipatseni nthawi yokwanira musanayatse nyale.

Yang'anani HT voltage, yomwe imakwera kuwala kofika kukamachepa, nthawi zonse. Ikadutsa 600 mpaka 700 V, zomwe zili pamenepo musazikhulupirire, ngakhale mzere utaoneka wosalala mutausalaza ndi pulogalamu. Ndipo musapereke mzere wa gramicidin ku mapulogalamu owerengera alpha helix ndi beta sheet. Iwo anaphunzitsidwa pa mapuloteni a ma amino acid a L okha, ndipo pano gawo lalikulu la mzere likuchokera ku ma tryptophan. Manambala adzatuluka, koma opanda tanthauzo.

## Chizindikiro 3: Nembanemba ilipo koma ngalande sizikuoneka

Pano mukuyeza magetsi odutsa nembanemba yomwe yatseka bowo laling'ono pakati pa mbali ziwiri za chipinda choyezera. Dziwani kaye chomwe mukuyembekezera. Mu lipid ya DPhPC yosungunula mu decane, ndi NaCl ya 1 M, pa 200 mV, ngalande imodzi imapereka kasitepe ka pafupifupi 3 pA komwe kamakhala kwa gawo la sekondi. Mu CsCl sitepeyo imakula pafupifupi katatu. Ndi masitepe amtundu womwewu omwe Hladky ndi Haydon anayamba kujambula ku Cambridge mu 1970.

Choyamba: mwathira mbali imodzi yokha. Ngalande imafuna chingwe chimodzi kuchokera mbali iyi, china kuchokera mbali inayo. Ma tryptophan amagwira chingwe pamwamba, ndiye sichiwoloka msanga. O'Connell, Koeppe ndi Andersen anaonetsa izi mu 1990. Thirani mbali zonse ziwiri, takasani, dikirani mphindi 15 mpaka 30.

Chachiwiri: chomwe chatseka bowo si nembanemba ya magawo awiri. Dontho la decane kapena kathovu ka mpweya zimatsekanso bowo, ndipo makina amaonetsa resistance yaikulu yosangalatsa. Yezani capacitance. Nembanemba yopaka ndi decane imakhala pafupifupi 0.4 µF pa cm², ya njira ya Montal ndi Mueller 0.7 kapena kuposerapo. Bowo la 150 µm lopakidwa ndi decane silingapitirire 70 pF, ndipo chifukwa m'mphepete mumatsala mafuta, yembekezani 40 mpaka 60 pF. Mukaona 10 pF, nembanemba sinapyapyale. Umboni wina ndi wakuti nembanemba yeniyeni imasweka mukaigunda ndi voltage ya 500 mV kapena kuposa. Dontho la mafuta silisweka.

Chachitatu: peptide yatsalira pa khoma la botolo. Pa ngalande imodziimodzi mumafunika ma picomolar ochepa m'chipinda choyezera, ndipo pa mlingo wotsika chotere pulasitiki imatenga pafupifupi yonse. Sungunulirani mu ethanol kapena DMSO, m'mabotolo a galasi, osati m'madzi. Pano ethanol siivuta ngati pa CD, chifukwa pa ma nanomolar a m'botolo zingwe zimakhala zitalekana kale. Onetsetsani kuti solvent yonse yomwe mwathira siyikufika pa 1 peresenti.

Chachinayi: mchere wolakwika. Ngalandeyi imadutsa ma cation ang'onoang'ono a charge imodzi: H⁺, NH₄⁺, Cs⁺, Rb⁺, K⁺, Na⁺, Li⁺. Chloride sidutsa. Ma cation akuluakulu ngati choline ndi NMDG sakwana pa bowo. Calcium ndi barium zimakhala pakamwa pa ngalande n'kuchepetsa magetsi odutsa.

Chachisanu: peptide yawonongeka ndi kuwala. Kuwala kwa UV kumawononga ma tryptophan, ndipo ngalande imafa. Sampulo yomwe yakhala nthawi yaitali mu fluorimeter kapena pafupi ndi windo musaidalire. Sungani mumdima pa −20 °C. Mukakayika, onani mass: iyenera kukhala pafupifupi 1882, ndipo nsonga zowonjezera 16 kapena 32 zikusonyeza oxygen. Nsonga yochepera ndi 28 ikusonyeza kuti formyl yachoka. Zimenezi zimachitika peptide ikakhala mu methanol ya asidi, ndipo popanda formyl mitu iwiri ija sigwirana bwino.

Chachisanu ndi chimodzi: ma electrode. Waya wa siliva ukayamba kuwala, chloride yatha. Uviikeni mu bleach kwa mphindi 20 mpaka 30, tsukani, ndipo onani ngati mu agar bridge mulibe thovu.

## Chizindikiro 4: Magetsi akudutsa musanathire peptide, kapena masitepe aunjikana

Kawirikawiri ndi gramicidin ya dzulo. Imamatirira pa Teflon mwamphamvu, ndipo kutsuka ndi madzi okha sikuichotsa. Chifukwa pamafunika yochepa kwambiri kuti ngalande zioneke, yotsalira pa khoma imakwanira kudzaza nembanemba yatsopano.

- Tsukani chipinda choyezera ndi ethanol kangapo, kenako chloroform yosakaniza ndi methanol ngati chipindacho ndi cha Teflon. Cha polystyrene kapena acrylic chimasungunuka mu chloroform.
- Burashi, pipette ndi kachitsulo kotakasira zikhale za gramicidin yokha.
- Tsiku lililonse jambulani mphindi 10 mpaka 15 pa nembanemba yopanda peptide. Kasitepe kamodzi kokha kakaoneka, tsukaninso.

Ngati chipinda ndi choyera koma masitepe akuchuluka, mwathira yambiri. Kumbukirani kuti chiwerengero cha ngalande chimakwera mofulumira kuposa mlingo wa peptide, chifukwa pamafunika zingwe ziwiri: mukachulukitsa kawiri mbali zonse, ngalande zimachuluka pafupifupi kanayi. Chepetsani kakhumi n'kuyambiranso.

Kugwedera kwa mzere kobwerezabwereza ka 50 pa sekondi ndi magetsi a pakhoma, si peptide. Tsekani Faraday cage, lumikizani ma ground onse pamalo amodzi, zimitsani chotakasira pojambula.

## Chizindikiro 5: Masitepe sakufanana kukula, kapena nthawi yotseguka ikusinthasintha

Kukula kosiyanasiyana. Onani chomwe chalembedwa pa botolo. Gramicidin D yogula, yotchedwa choncho pokumbukira René Dubos yemwe anaipeza mu 1939 kuchokera ku bakiteriya wa Bacillus brevis, ndi yosakaniza. Pafupifupi 80 peresenti ndi A, yotsalayo ndi B ndi C. Kusiyana kuli pa malo 11: A ili ndi tryptophan, B phenylalanine, C tyrosine. B imadutsa magetsi ochepa, ndipo zingwe zosiyana zimathanso kugwirana, A ndi B, n'kupereka sitepe yapakati. Pa ntchito yofuna manambala olondola yeretsani ndi reversed phase HPLC mu methanol ndi madzi, kapena pezani yopangidwa m'labotale. Ngakhale mu A yoyera timasitepe tating'ono tochepa timaonekabe apo ndi apo. Tikachuluka, kayikirani dothi kapena peptide yowonongeka. pH ikatsika kwambiri sitepe imakulanso, poti ma proton amadutsa mofulumira kuposa china chilichonse.

Nthawi yotseguka. Gawo la ngalande lomwe limakhala m'mafuta ndi pafupifupi 22 Å, lalifupi kuposa nembanemba zambiri. Kuti mitu iwiri ikumane, nembanemba iyenera kufinyika mozungulira ngalandeyo, ndipo imakhala ikukoka kuti zingwe zilekane. Chilichonse chosintha kunenepa kapena kuuma kwa nembanemba chimasintha nthawi yotseguka.

- *Yatalika mosayembekezereka:* sopo wotsalira. Triton X-100 yochepa chabe imafewetsa nembanemba. Lipid yakale yomwe yayamba kusanduka lysolipid imachitanso chimodzimodzi. Iyezeni pa TLC.
- *Yafupika:* nembanemba yanenepa. Decane imanenepetsa kuposa hexadecane kapena squalene. Michira yaitali ndi cholesterol zimafupikitsanso.
- *Ikusintha m'kati mwa tsiku:* kutentha kwa chipinda. Lembani kutentha pa jambulo lililonse.

Musayerekeze manambala anu ndi a ena musanaone kuti lipid, solvent, mchere, voltage ndi kutentha n'zofanana. Ndipo musawerengere nthawi yotseguka pa masitepe makumi ochepa. Sonkhanitsani mazana angapo kuchokera pa nembanemba zingapo.

## Chizindikiro 6: Mizere ya solid state NMR ndi yotakata

Yambani ndi phosphorus 31 ya m'mitu ya ma lipid, musanawononge masiku pa nitrogen 15. Nembanemba zoyalidwa bwino pa magalasi, zitapingasa maginito, zimapereka nsonga imodzi yopyapyala cha pa +30 ppm. Nsonga yaikulu cha pa −15 ppm ikusonyeza kuti zina sizinayalike.

1. Madzi achepa. Ikani magalasi m'chotengera chotseka chokhala ndi potassium sulfate yosungunula mpaka kukhuta, yomwe imapereka chinyezi cha pafupifupi 97 peresenti, pa 40 °C kwa masiku awiri kapena atatu. Matani bwino musanaike mu probe.
2. Kutentha kwatsika. DMPC ikalimba, ngalande imasiya kuzungulira ndipo mizere imatakata. Khalani pamwamba pa 30 °C.
3. Decoupling (mafunde a wailesi amphamvu opyapyalitsa mizere) ikutenthetsa sampulo. Mchere ukachuluka zimaipirapo, sampulo imauma pakati pa ntchito. Talikitsani nthawi yopumira ndipo yezaninso phosphorus pomaliza.
4. Maonekedwe awiri m'sampulo imodzi. Malo amodzi olembedwa ndi nitrogen 15 akapereka nsonga ziwiri, bwererani ku chizindikiro 1.
5. Lipid yasiya kukhala nembanemba. Mu lipid ya DOPC, gramicidin yambiri imasandutsa lipid kukhala timachubu ta hexagonal HII, monga Killian ndi de Kruijff anaonetsera ku Utrecht. DMPC imapirira ngakhale imodzi kwa 8.

Ngati zomwe mwapeza zikusiyana ndi 1MAG pa tryptophan 9 yokha, musadandaule msanga. Maonekedwe a mu SDS, a nambala 1JNO, amasiyananso ndi 1MAG pa malo omwewo, chifukwa tryptophan imeneyi imatembenuka.

## Chizindikiro 7: Crystal yapereka zingwe zolukana

Ili si vuto la manja anu. Ma crystal a Langs mu 1988, a Wallace ndi Ravikumar chaka chomwecho okhala ndi cesium, ndi enanso omwe anakulitsidwa mu lipid cubic phase pambuyo pake, onse anapereka zingwe zolukana. Ena mwa iwo ali ndi bowo lokwana ion, ndipo mu 1998 panabuka mtsutso wakuti mwina ndi iwo amadutsa magetsi mu nembanemba. Umboni wochokera mu nembanemba yeniyeni sugwirizana nazo. Mukasintha kumutu ngalande imafa, mukasintha kumchira imagwirabe ntchito, ndipo mukalumikiza mitu iwiri ndi covalent bond mumapeza ngalande yokhalitsa ya sitepe yofanana. Polemba zotsatira nenani momveka kuti crystal inachokera mu solvent yanji, ndipo musayambire simulation ya ngalande pa maonekedwe amenewa.

## Ngati peptide yanu ndi alamethicin

Malangizo ambiri a pamwambawa sagwira. Alamethicin, yochokera ku nkhungu ya Trichoderma viride, ili ndi ma residue 20, ndi alpha helix yopindika pa proline 14 monga Fox ndi Richards anaonera mu 1982, ndipo bowo limapangidwa ndi ma helix angapo ataima mozungulira. Imathiridwa mbali imodzi, ndipo imatseguka mbali imeneyo ikakhala ya positive ndipo voltage ikadutsa malire ena. Ngati siyikuoneka, tembenuzani voltage musanachite china. Masitepe okwerana, lililonse lalikulu kuposa linzake, ndi khalidwe lake: helix imodzi ikulowa kapena kutuluka m'bwalo.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

- Makina a CD akalephera ndi camphorsulfonic acid, mankhwala oyesera ngati makinawo ali olondola. Nsonga ya pa 192.5 nm iyenera kukula pafupifupi kawiri kuposa ya pa 290.5 nm. Zikapanda kutero, vuto ndi nyale kapena magalasi. Nyale ya xenon ili ndi mpweya wopanikizika ndipo imatha kuphulika. Musaisinthe nokha ngati simunaphunzitsidwe. Mukamva fungo la ozone, zimitsani.
- Amplifier ikapereka phokoso lomwelo mutachotsa chipinda choyezera n'kuikapo model cell, kachipangizo koyesera ka m'malo mwa nembanemba. Headstage, mutu wa amplifier, musaitsegule nokha.
- NMR ikayamba arcing (kuthetheka kwa magetsi) mu probe, kapena helium ikamatsika mofulumira kuposa masiku onse. Siyani ntchito, uzani woyang'anira maginito. Mukaona nthunzi yoyera ikutuluka mwamphamvu, tulukani m'chipindamo nthawi yomweyo.
- Mass kapena HPLC ikaonetsa nsonga zomwe simungazifotokoze. Pitani kwa wodziwa kupanga ma peptide musanathere miyezi pa sampulo yokayikitsa.
- TFE kapena chloroform ikatayika kunja kwa fume hood. TFE imawononga maso ndipo ndi yoopsa pa ubereki; ikagwera m'maso tsukani ndi madzi kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala. Gramicidin imaswa maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake ngati mankhwala imangopakidwa kunja kwa thupi. Mukadzibaya ndi singano ya gramicidin ya mu DMSO, uzani woyang'anira chitetezo ndipo kaonaneni ndi dokotala tsiku lomwelo.